Kodi ubongo umachita chiyani dzanja likamathawa moto? Mafunso ndi mayankho pa nkhani ya ma reflex

Thupi limachita zinthu zambiri lisanatifunse. Dzanja limachoka pachinthu chotentha, diso limaphethira kachitsotso kakayandikira, mwendo umakankha dokotala akagogoda pabondo. Zochita zotere, zomwe zimabwera zokha, mwaliwiro ndiponso mofanana nthawi iliyonse, zimatchedwa ma reflex. Ambirife tinaphunzitsidwa kuti ubongo sutengapo mbali. Chiphunzitsochi chili ndi choona chake, koma chimasiya mbali yaikulu ya nkhaniyi, ndipo mbali yosiyidwayo ndi imene madokotala amadalira poyeza odwala tsiku ndi tsiku.

Kodi reflex imayenda bwanji m'thupi?

Tiyambe ndi phazi lomwe laponda minga. Pakhungu pali nsonga za minyewa zomwe ntchito yake ndi kumva kuvulala. Minga ikabaya, nsongazo zimatumiza uthenga wa mphamvu yamagetsi yochepa kwambiri, ndipo uthengawo umakwera mwendo wonse mpaka kukalowa m'chingwe cha mumsana. Chingwechi ndi mtolo wofewa wa minyewa, wotalika pafupifupi masentimita 45 mwa munthu wamkulu, womwe umatsika kuchokera ku ubongo kudzera m'ngalande ya mafupa a msana. Minyewa 31 imatulukamo mbali ya kumanja, inanso 31 mbali ya kumanzere. Uthenga ukalowa m'chingwemo umadumphira pa maselo aafupi olumikiza, ndipo iwo amaupereka ku mnyewa wolamula minofu. Minofu yopinda mwendo imakokana, phazi n'kunyamuka.

Zikanathera pomwepo munthu akanagwa. M'kanthawi komweko chingwe chimachitanso zinthu zina ziwiri. Chimauza minofu yowongola mwendo wobayidwawo kuti imasuke, kuti isalimbane ndi inzake yopinda, ndipo chimawolotsa uthenga kupita tsidya lina kuti mwendo winawo uwongoke ndi kulimba, chifukwa kulemera konse kwa thupi kwatsala pang'ono kutsamira pa iwo. Zonsezi zimakonzedwa m'munsi mwa msana, munthu asanadziwe n'komwe kuti waponda chiyani.

Minyewa yobweretsa uthenga imalowera chakumbuyo kwa chingwe, pomwe yopita ku minofu imatulukira chakutsogolo. François Magendie wa ku France ndi amene anaonetsa zimenezi momveka bwino mu 1822, atadula mizu ya minyewa ya tiana ta agalu, wina ndi wina payekha.

Ndiye n'zoona kuti ubongo sukhudzidwa?

Yankho lake lili pawiri. Pa reflex ya mumsana, ubongo si umene umalamula kuti phazi linyamuke. Lamulolo limachokera m'chingwe. Koma ubongo umakhala utagwirapo kale ntchito minga isanabaye, umauzidwa ikangobaya, ndipo umapitiriza ntchito phazi litanyamuka.

Minga isanabaye, minyewa yambirimbiri yotsika kuchokera ku ubongo imakhala ikulankhula ndi maselo a m'chingwe mosalekeza. Ina imawadzutsa, ina imawabweza. Mphamvu ya reflex pa mphindi iliyonse imadalira zomwe minyewa yotsikayi ikunena. Zili ngati munthu amene wagwira galu wolusa pa unyolo: galu amadziwa yekha nthawi yolumpha, koma kutalika kwa unyolowo kuli m'manja mwa mwiniwake. Munthu wamantha ma reflex ake amakhala akuthwa, munthu amene ali m'tulo tofa nato ake amafooka, chonsecho chingwe cha mumsana n'chomwecho.

Minga ikangobaya, uthenga wolowa m'chingwe umagawika. Nthambi imodzi imapita ku minofu, ina imakwera ku ubongo. Ikafika, munthu amamva ululu, amatembenuza mutu kuti aone, amafuula, amasankha popondanso, ndipo amakumbukira malowo kuti mawa asadutsepo wopanda nsapato. Reflex payokha sikumbukira malo, ndipo singadziwe ngati chabayacho ndi minga kapena njoka.

Palinso gulu lalikulu la ma reflex omwe likulu lawo lili mu ubongo mwenimweni. Tiwafotokoza m'munsimu. Choncho wophunzira amene walemba kuti "reflex sifuna kuganiza" walondola. Amene walemba kuti "reflex sifuna ubongo" wanena zoona pa ena okha, ndipo ngakhale pa amenewo wanena theka.

N'chifukwa chiyani thupi silidikira kuti ubongo uganize kaye?

Chifukwa cha nthawi. Uthenga wa m'minyewa suyenda paliwiro la magetsi a m'waya. Hermann von Helmholtz anayeza liwiroli pa mnyewa wa chule mu 1850 ndipo anapeza kuti ndi pafupifupi mamita 30 okha pa sekondi. Minyewa yathu yonenepa kwambiri, yokutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, imafika mamita 120 pa sekondi, koma yambiri ndi yochedwa kuposa pamenepo. Kuwonjezera apo, paliponse pomwe selo limapatsira linzake uthenga, malo omwe amatchedwa synapse, pamatayika kanthawi kosachepera theka la milisekondi. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kuganiza kumadutsa pa malo otere ochuluka zedi.

Zotsatira zake zimaoneka tikayerekeza. Munthu akauzidwa kuti adine batani akangoona nyali yayaka, zimamutengera mamilisekondi 200 mpaka 250. Mnofu wa pantchafu umayamba kukokana pasanathe mamilisekondi 50 dokotala atagogoda pabondo. Pamoto kapena pampeni, kusiyana kumeneku ndi khungu lopulumuka.

Nanga bwanji ululu umabwera dzanja litachoka kale?

Mbali ina ndi yomwe tanena ija: njira yopita ku minofu ndi yaifupi, yopita kokazindikira ndi yaitali. Mbali ina ndi yakuti ululu umayenda m'minyewa ya mitundu iwiri. Yoyamba ili ndi myelin wochepa ndipo imathamanga mamita 5 mpaka 30 pa sekondi. Iyo imabweretsa kubaya kwakuthwa koyamba kuja. Yachiwiri ilibe myelin ndipo imayenda pafupifupi mita imodzi pa sekondi. Mukapunthwa chala chakuphazi, uthenga wa m'minyewa yachiwiriyi umatenga pafupifupi sekondi yathunthu kuti ungofika kumsana. Ndiye chifukwa chake pamakhala kampata kachete, kenako kuwawa kowotcha kumafika n'kukhazikika.

Kodi anthu anadziwa bwanji kuti chingwe cha mumsana chimatha kuchita zinthu pachokha?

Achule ndi amene anavutikira chidziwitso chimenechi. M'zaka za m'ma 1600, René Descartes anaganiza kale kuti phazi likayandikira moto limathawa popanda maganizo, koma iye ankati uthengawo umakatembenukira mu ubongo. Mu 1751, Robert Whytt wa ku Edinburgh analemba za chule wodulidwa mutu yemwe ankabwezabe mwendo akatsinidwa, koma ankalekeratu kuyenda chingwe cha mumsana chikawonongedwa. Marshall Hall wa ku England anapitiriza ntchitoyi m'zaka za m'ma 1830, nafotokoza njira yonse yolowa ndi yotuluka.

Amene anabwezeretsa ubongo m'nkhaniyi ndi Ivan Sechenov wa ku Russia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860 iye ankaviika phazi la chule m'madzi a asidi wofooka n'kuwerenga nthawi yomwe chule ankatenga kuti alitulutse. Kenako anaika kambulu ka mchere pa mbali ina ya ubongo wa chuleyo kuti aidzutse, ndipo phazi linayamba kuchedwa kutuluka. Mwa zoyesa zonse za m'nkhani ino, ichi ndi chomwe ndimachiona chofunika kwambiri, chifukwa chinaonetsa kuti kuletsa nakonso ndi ntchito. Ubongo ukhoza kukhala wotanganidwa kwambiri pa nthawi yomwe thupi likuoneka kuti silikuchita kanthu.

Charles Sherrington anakhala zaka zambiri akufufuza ma reflex a amphaka, agalu ndi anyani. Iye ndi amene anafotokoza mmene mnofu umodzi umamasukira wina ukamakokana, ndipo ndi amenenso anabweretsa dzina la synapse mu 1897. Anaona kuti tsinde la ubongo wa mphaka, chigawo cholumikiza ubongo waukulu ndi chingwe cha mumsana, likadulidwa chapakati, miyendo yonse inayi imauma n'kuwongoka, umboni wakuti mbali za pamwamba zinali zikubweza ma reflex nthawi yonseyi. Analandira mphotho ya Nobel mu 1932 pamodzi ndi Edgar Adrian.

Dokotala akamagogoda pabondo ndi kanyundo, amafuna kuona chiyani?

Amamenya mtsempha wolimba womwe uli m'munsi mwa fupa la kutsogolo kwa bondo. Kumenyako kumakoka pang'ono mnofu waukulu wa pantchafu. M'kati mwa mnofumo muli tizida tomva kukokedwa, ndipo timatumiza uthenga kumsana. Kumeneko mnyewa wolowa umakumana mwachindunji ndi mnyewa wotuluka, pa synapse imodzi yokha, mnofu n'kukokana, mwendo n'kukankha. Ntchito yeniyeni ya reflex imeneyi ndi kutiimika: bondo likayamba kupindika mosayembekezera, mnofu umalibweza. Madokotala awiri a ku Germany, Wilhelm Erb ndi Carl Westphal, anaifotokoza aliyense payekha mu 1875.

Dokotala amawerengapo zinthu ziwiri. Mwendo ukapanda kukankha, amakayikira njira yam'munsi: mnyewa, muzu wake, kapena maselo olamula minofu. Matenda a shuga omwe akhalitsa, poliyo ndi matenda a Guillain-Barré amafooketsa kapena kuzimitsa ma reflex mwa njira imeneyi. Mwendo ukakankha mopitirira, makamaka mbali imodzi, amakayikira njira yochokera ku ubongo. Choncho kanyundo kamamenya bondo, koma kawirikawiri funso likupita kumutu.

Mwendo ukakana kukankha, dokotala amatha kukuuzani kuti mukolanitse zala za manja awiri n'kukoka mwamphamvu, kenako amagogodanso, ndipo nthawi zambiri mwendo umakankha. Njirayi inachokera kwa Ernő Jendrassik wa ku Hungary m'zaka za m'ma 1880. Manja sali pa njira ya reflex ya bondo. Chomwe chasintha ndi uthenga wotsika kuchokera ku ubongo.

Anamwino amagwiritsanso ntchito reflex imeneyi pa amayi oyembekezera omwe akulandira mankhwala a magnesium sulphate poteteza kukomoka kobwera ndi kuthamanga kwa magazi. Reflex ya bondo ikazimirira, ndi chenjezo loyamba lakuti mankhwalawo achuluka m'thupi.

Ndi ma reflex ati omwe amachokera mu ubongo mwenimweni?

Ndi ambiri, ndipo ndi amene amasunga moyo. Likulu lawo ndi tsinde la ubongo, chigawo chomwe chimalumikiza ubongo waukulu ndi chingwe cha mumsana. Lili ndi mbali zitatu, midbrain, pons ndi medulla, ndipo yambiri mwa minyewa ya m'mutu, yomwe ilipo 12 mbali iliyonse, imatulukira pamenepo.

Kuwala kukachuluka, mwana wa diso amachepa. Uthenga umalowa kudzera m'mnyewa woonera, umakafika mu midbrain, n'kubwerera ku maso onse awiri, moti mukawalitsa tochi m'diso limodzi, linalo limachepanso. Chinthu chikakhudza galasi la diso, zikope zonse zimatseka. Chakudya chikalowera njira ya mpweya, medulla imayambitsa chifuwa champhamvu. Kumeza, kuyetsemula ndi kusanza zimayendetsedwanso kumeneko. Mukadzuka pabedi mwadzidzidzi, magazi amatsikira kumiyendo. Tizida tomwe tili m'mitsempha ikuluikulu ya m'khosi ndi pafupi ndi mtima timamva kutsikako, ndipo medulla imathamangitsa mtima ndi kufinya mitsempha kuti musagwe. Reflex imeneyi ikachedwa, m'maso mumachita mdima.

Pali imodzi yomwe mungaiyese panopa. Imikani chala patsogolo pa nkhope, muchiyang'anitsitse, kenako pukusani mutu mofulumira. Chala chikuonekabe bwino. Tsopano imitsani mutu n'kugwedeza chalacho paliwiro lomwelo. Chikuoneka mwachimbuuzi. Poyamba paja, ziwalo za m'kati mwa khutu zimamva kutembenuka kwa mutu n'kuuza minofu ya maso kuti itembenukire kwina mofanana, kudzera m'maselo atatu okha, m'mamilisekondi pafupifupi 10. Kachiwiri kaja, maso amadalira kuona kaye kenako kutsatira, ndipo njira imeneyo ndi yochedwa kwambiri. Anthu omwe ziwalo za m'khutuzi zinawonongeka mbali zonse amavutika kuwerenga chikwangwani akuyenda, chifukwa dziko limadumphadumpha akamaponda.

Ma reflex onsewa amachitika mu ubongo, koma osafika kumbali yomwe imazindikira ndi kusankha. Kusiyana kwenikweni kuli pamenepo.

Kodi munthu angathe kuletsa reflex mwadala?

Ena inde, ena pang'ono, ena ayi. Mukanyamula kapu yotentha mosadziwa mumaiponya. Mukadziwiratu kuti ndi yotentha, ndipo pansi pali mwana, mumapirira mpaka mutaiika pabwino. Kutentha n'kofanana, chosiyana n'chakuti ubongo unatumiziratu uthenga wobweza. Zomwezi zimachitika polandira jakisoni, poika mankhwala m'diso, kapena pobweza chifuwa pamalo ofunika bata.

Kupuma mungakuimitse kwa kanthawi, koma mpweya woipa wa carbon dioxide ukachuluka m'magazi, medulla imakukakamizani. Mwana wa diso simungamuletse kuchepa pa kuwala ngakhale mutafuna chotani.

Ubongo umathanso kuchepetsa ululu weniweniwo. Mu midbrain muli malo omwe amatumiza minyewa kutsika kumsana kukatseka pang'ono khomo lomwe uthenga wa ululu umalowera. Ronald Melzack ndi Patrick Wall anafotokoza ganizo la khomoli mu 1965. Ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe munthu wovulala pothawa ngozi amayamba kumva kuwawa atafika kale pabwino.

Chimachitika n'chiyani chingwe cha mumsana chikaduka, ubongo n'kulekana ndi miyendo?

Apa ndi pomwe ntchito ya ubongo imaonekera poyera, ngakhale kuti imaonekera mwa njira yomvetsa chisoni. Zikanakhala kuti ma reflex a mumsana sadalira ubongo m'pang'ono pomwe, kuduka kwa chingwe sikukanawasintha. Koma amasintha kawiri.

Poyamba amazimiratu. M'munsi mwa malo ovulala minofu imalefuka, bondo silikankha, chikhodzodzo sichitulutsa mkodzo. Maselo a m'chingwe anazolowera kulandira uthenga wochokera kumwamba, ndipo ukasowa mwadzidzidzi amakhala chete kwa masiku kapena milungu. Kenako amadzuka, ndipo amadzuka opanda wowabweza. Kugogoda pang'ono kumakankhitsa mwendo mwamphamvu, phazi likakankhidwira m'mwamba limanjenjemera mobwerezabwereza, minofu imauma, ndipo ngakhale nsalu yokhudza khungu ikhoza kupinditsa mwendo wonse. Mwini mwendoyo sakumva kukhudzako ndipo sangathe kuuyendetsa mwa kufuna kwake. Achibale ambiri akaona mwendo ukuyenda chotere amaganiza kuti wodwala wayamba kuchira. Ndi bwino kufunsa dokotala kuti asiyanitse, chifukwa kuyenda kwa reflex ndi kuyenda kofuna mwini ndi zinthu ziwiri.

Sitiroko imachitanso zofanana mbali imodzi ya thupi. Mkono umapindikira pachifuwa, mwendo umauma chowongoka. Minofu ndi minyewa ya m'mkonomo ilibe vuto; chawonongeka ndi njira yochokera kumwamba.

Mu 1896 Joseph Babinski, dokotala wa ku Paris, anafotokoza chizindikiro chomwe chikugwiritsidwabe ntchito mpaka lero. Mukakanda kunsi kwa phazi la munthu wamkulu wabwinobwino, kuchokera kuchidendene kupita kuzala, zala zimapindikira pansi. Njira yochokera ku ubongo ikawonongeka, chala chachikulu chimadzukira m'mwamba.

Bwanji makanda ali ndi ma reflex omwe akuluakulu alibe?

Chifukwa njira zotsika kuchokera kumbali ya pamwamba ya ubongo zimakhala zisanakhwime. Khanda limafumbata chala chanu mukachiika m'dzanja lake. Mukalikhudza patsaya limatembenukira komweko n'kutsegula kamwa. Likamva ngati likugwa limatambasula manja kenako n'kuwabweza pachifuwa, reflex yomwe Ernst Moro anaifotokoza mu 1918. Mukaliimika mapazi akukhudza pansi, limaponda ngati likuyenda. Chala chake chachikulu chakuphazi chimadzukira m'mwamba monga mmene Babinski anaonera mwa odwala, ndipo kwa khanda zimenezi si matenda. Kudzuka kwa chalaku kumatha mwana akamafika chaka chimodzi kapena ziwiri.

Kupondaponda kuja kumazimirira pafupifupi pa miyezi iwiri, ndipo reflex ya Moro imatha pofika miyezi 6. Koma ma reflex amenewa safafanizika. Amangophimbidwa. Munthu wokalamba yemwe mbali ya kutsogolo ya ubongo wake yawonongeka ndi matenda oiwalitsa akhoza kuyambanso kufumbata chilichonse choikidwa m'dzanja lake, ngakhale kuyamwa chinthu chomukhudza pamilomo. Zaka zonse zapakatizo, ubongo unali ukuzibweza.

Nanga nkhuku yodulidwa mutu imathamanga bwanji?

M'chingwe cha mumsana muli magulu a maselo omwe amatha kupanga okha kayendedwe kosinthanitsa miyendo kapena mapiko. Thomas Graham Brown anaonetsa zimenezi pa amphaka mu 1911. Mutu ukachoka, kubweza kumachoka nawo, ndipo kuvulalako kumadzutsa maguluwo mpaka mpweya wabwino utatha m'maselo. Tambala wina wa ku Fruita, m'chigawo cha Colorado ku America, anakhala miyezi 18 atadulidwa mutu mu 1945, akudyetsedwa kudzera pakhosi. Nkhwangwa inali itasiya mbali yaikulu ya tsinde la ubongo, choncho kupuma ndi kugunda kwa mtima zinapitirira.

Anthu amati goloboyi wabwino ali ndi ma reflex akuthwa. Kodi ndi ma reflex enieni?

Ayi. Kugwira mpira kumafuna kuona, kuyerekeza komwe ukupita ndi kusankha mbali, ndipo zonsezi zimadutsa mu ubongo waukulu. Chomwe goloboyi waluso ali nacho ndi kuwerenga thupi la womenya mpira usananyamuke, komanso mayendedwe omwe wawabwereza mpaka safunanso kuwaganizira. Woyendetsa galimoto amene waponda buleki mwana atadumphira mumsewu alinso m'gulu lomweli: anachita kuphunzira.

Malamulo a mpikisano wothamanga amazindikira malire amenewa. Wothamanga akakankha ponyamukira pasanathe mamilisekondi 100 mfuti italira, amamuweruza kuti wanyamuka nthawi isanakwane, poganizira kuti munthu sangamve phokoso n'kuyankha mofulumira chotero.

Pakati pa mitundu iwiriyi pali ina yosakanikirana. Mkono ukakankhidwa mwadzidzidzi, mnofu umayankha kawiri. Yankho loyamba ndi la mumsana. Lachiwiri limabwera pakati pa mamilisekondi 50 ndi 100, mofulumira kuposa kusankha, koma mbali ina ya uthenga wake imadutsa mu ubongo waukulu, ndipo limakula kapena kuchepa malinga ndi zomwe munthu anauzidwa, kaya kukana kukankhako kapena kungolola.

Kodi reflex ingaphunzire?

Ingaphunzire. Ivan Pavlov, yemwe analandira mphotho ya Nobel mu 1904 chifukwa cha kafukufuku wa kagayidwe ka chakudya, anaona kuti agalu ake ankatulutsa malovu akangomva mapazi a wowabweretsera chakudya. Kutuluka malovu chakudya chili m'kamwa ndi reflex yobadwa nayo. Kuwatulutsa chifukwa cha phokoso ndi ntchito ya ubongo, womwe walumikiza zinthu ziwiri zomwe zimabwera motsatizana.

Kumbuyo kwa mutu kuli kaubongo kotchedwa cerebellum, komwe kamakonza ma reflex akayamba kuphonya. Munthu akavala magalasi atsopano amphamvu, zinthu zimaoneka zazikulu kapena zazing'ono kuposa kale, ndipo maso amatembenuka mopitirira kapena moperewera mutu ukatembenuka. Amamva chizungulire kwa masiku angapo, kenako chimatha, chifukwa cerebellum yasintha muyeso wa reflex ya maso ija.

Ngakhale reflex ya synapse imodzi imasinthika. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, Jonathan Wolpaw ndi anzake ku New York anaphunzitsa anyani, kenako makoswe ndi anthu, kukulitsa kapena kuchepetsa reflex yokokedwa mnofu mwa kuwapatsa mphotho. Patapita milungu, maselo a m'chingwe cha mumsana enieniwo anali atasintha.

Kodi kafumbata akukhudzana bwanji ndi nkhaniyi?

Poizoni wa kachilombo ka kafumbata amakwera m'minyewa kuchokera pabala n'kukafika m'chingwe ndi m'tsinde la ubongo. Kumeneko amatseka maselo obweza kuti asatulutse mankhwala awo, glycine ndi GABA. Popanda kubweza, minofu yopinda ndi yowongola imakokana nthawi imodzi, nsagwada zimauma, msana umapindikira kumbuyo, ndipo phokoso laling'ono kapena kuwala kumayambitsa kukokana kwa thupi lonse. Ndiye chifukwa chake wodwala amagonekedwa m'chipinda chabata ndi chamdima. Katemera amateteza matendawa.

Kodi kukodza ndi reflex?

Inde, ndipo ndi chitsanzo chomwe aliyense anadutsamo. Chikhodzodzo chikadzaza, uthenga umapita m'munsi mwa msana n'kukwera ku pons, komwe kuli malo omwe amagwirizanitsa kufinya chikhodzodzo ndi kutsegula njira. Mwa khanda zimachitika zokha. Mwana akamakula, mbali ya kutsogolo ya ubongo imaphunzira kugwira malo amenewo mpaka nthawi ndi malo zitayenera. Mwana wa chaka chimodzi amene wadzinyowetsa sanachite mwano. Njira yobwezayo sinakhwime. Munthu wamkulu amene wayamba kulephera kudzigwira atadwala sitiroko sakuchita ulesi. Njira yomweyo yawonongeka, ndipo akufunika thandizo, osati kumukalipira.

Munthu akakomoka, ma reflex amatiuza chiyani?

Amatiuza mmene tsinde la ubongo lilili, pa nthawi yomwe wodwala sangayankhe funso. Dokotala amawalitsa tochi m'maso, amakhudza galasi la diso, amaona ngati wodwala akutsokomola chubu chikalowa pakhosi, ndipo nthawi zina amathira madzi ozizira m'khutu kuti aone ngati maso atembenuka. Munthu wovulala m'mutu yemwe mwana wa diso lake limodzi wakula n'kusiya kuchepa pa kuwala akhoza kukhala kuti magazi akupanikiza ubongo, ndipo mphindi iliyonse ndi yofunika.

Pofuna kutsimikiza kuti ubongo wafa, madokotala amayeza ma reflex onse a m'tsinde, komanso ngati thupi likuyesa kupuma lokha makina ataimitsidwa mosamala. Ma reflex a mumsana akhoza kutsalabe. Phazi kapena mkono ukhoza kusuntha, ndipo kwa achibale omwe ali pambali pa bedi zimenezi ndi zopweteka mtima kwambiri ngati palibe amene wawafotokozera.

Mowa wambiri ndi mankhwala ogonetsa zimafooketsa tsinde la ubongo, kuphatikizapo reflex yotsokomola ndi yoteteza pakhosi. Munthu woledzera mpaka kukomoka akasanza atagona chagada akhoza kutsamwa n'kufa. Mugonekeni cham'mbali, mutu utapendekera pansi pang'ono, musamupatse chakumwa chilichonse, musamusiye yekha, ndipo ngati sakudzuka kapena akupuma mosalongosoka, itanani thandizo lachipatala.

Ndi liti pomwe kusintha kwa ma reflex kuyenera kutidetsa nkhawa?

Anthu athanzi amasiyana. Ena bondo lawo limakankha kwambiri, ena pang'ono, ndipo ngati mbali zonse zili chimodzimodzi popanda vuto lina, nthawi zambiri si matenda. Chodetsa nkhawa ndi kusiyana kwa mbali ziwiri, kapena kusintha kwatsopano.

Thamangirani kuchipatala ngati nkhope yapendekera mbali imodzi, mkono kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, kapena mawu ayamba kutuluka mosamveka. Chitaninso chimodzimodzi ngati msana ukuwawa pamodzi ndi dzanzi pakati pa miyendo ndi kulephera kukodza kapena kudzigwira, ngati kufooka kwayambira kumapazi ndipo kukukwera m'masiku ochepa, kapena ngati nsagwada zauma munthu ali ndi bala. Wodwala amene wayamba kutsamwa pomwa madzi ayezedwe kamezedwe asanapatsidwenso chakudya, chifukwa cholowera m'mapapo chimabweretsa chibayo. Khanda lomwe silikuyamwa, kapena lomwe limatambasula dzanja limodzi lokha likadzidzimuka, lionedwe ndi dokotala. Munthu wa matenda a shuga kapena khate yemwe mapazi ake sakumvanso kubaya alibenso reflex yomuchotsa paminga, choncho aziyang'ana kunsi kwa mapazi ake tsiku lililonse ndipo asayende wopanda nsapato.